Apilo ya Mizere Itatu

Mukafika ku Mongue kuno n'kumva ana akukuwa kuti "a Apilo akudutsa", akunena ine. Dzinali sindinalipeze mwaulemu ayi.

Ndinakulira kukampu ya othawa nkhondo ku Malawi, ndipo ndinabwerako ndi Chingelezi chodzaza chikhatho chimodzi. Mawu a pamtima panga anali apilo: ukapanda kukhutira ndi chigamulo, mlandu umautengera kubwalo lalikulu. (Tanthauzo ndinkalidziwa bwino lomwe. Chomwe sindinkadziwa n'kulemera kwake.)

Mlongo wanga Felizita, wamasiye wa ana anayi, anakangana ndi a Manuwele pa malire a munda. Ine monga mwini mbumba ndinapita kukamuyankhulira, nditavala jekete dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Akuluakulu a bwalo atayendera malire anagamula kuti munda ndi wa Felizita, kupatula mizere itatu ya kumunsi. Felizita anayamba kuwomba m'manja kuthokoza. Apo m'pamene ndinadzambatuka.

"Ife tikuchita apilo!"

Bwalo lonse linatembenukira kwa ine. Ndisaname, ndinamva kukoma.

"Achimwene, ndi mizere itatu yokha," anatero Felizita akundikoka jekete. "Isiyeni, mvula ili pafupi."

"Khala chete iwe, izi n'zamalamulo."

"Palibe choletsa," anatero wamkulu wa bwalo mofatsa. "Koma mwambo mukuudziwa: munda uli pamlandu sulowa khasu, mpaka a ku boma atayankha."

Ndinkaudziwadi. Koma kubweza mawu pamaso pa gulu, jekete ili pathupi? Ndinaumitsa khosi.

Kuboma ku Milange ndinapalasako njinga kasanu. Kalaliki ankangoti, "Kuno timati recurso, bambo. Mubwere amanhã." Mawa lawolo linatha miyezi inayi, ndipo mvula sinadikire. Anthu anadzala, anapalira, anabandira, pomwe m'munda mwa Felizita munkasangalala nsongole. Yankho linafika mu Febuluwale: chigamulo n'chomwe chija.

Felizita sananditukwane, bola akananditukwana. Anzake akukolola, iye anafika pakhomo panga ndi ana onse anayi, aliyense ndi kambale kake m'manja. Anagwada n'kupereka moni mwaulemu wake wonse.

"Achimwene, ana awa abwera kudzadya apilo ija."

Ndinasowa poyang'ana. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sindinawachitepo chibadwire. Ndinatsegula nkhokwe, ndipo pofika Ogasiti mabanja onse awiri tinkagonera chinangwa.

Kumabwalo ndimapitabe (jekete ija ilipo). Koma mawu aja akayamba kundiyabwa pakamwa, ndimayamba ndayang'ana kaye mitambo.