Mlandu wa Moni wa Nasimango

M'mudzi wina, umene dzina lake tilisunga polemekeza eni ake, munafika lamulo latsopano loti munthu akakuvulaza mtima mwadala ukhoza kumusumira, monga ungachitire atakuthyola mwendo. Woyamba kulithamangira anali Olemekezeka Bambo Kalilangwe, Wapampando Wamuyaya wa Komiti ya Mjigo. Mjigowo unali utafa zaka zitatu zapitazo, ndipo mapaipi ake anali atasanduka mizati ya khonde la Wapampandoyo.

Wosumiridwa anali Nasimango, mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa. M'mawa uliwonse, popita kudambo kukatunga madzi amatope, ankaima pakhondepo, n'kugwada mwaulemu, n'kugwetsa ndowa yake pansi kuti ilire.

"Mwadzuka bwanji, a Wapampando? Koma khondeli ndi lolimba!"

Ankangonena zomwezo, n'kumapita.

Kubwalo, Wapampando anadandaula misozi ili chuchuchu kuti moni ameneyu wawadwalitsa. Nkhuku imene kale ankaimaliza okha, masiku ano akusiyako khosi.

Woweruza, Mayi Chimbalanga, anatembenukira kwa wosumiridwa.

"Nasimango, kodi munkachita dala?"

"Dala ndithu, mayi. Mdzukulu wanga anagona kuchipatala sabata ziwiri, akutsegula m'mimba chifukwa cha madzi akudambo. Ndinkafuna kuti nawonso ziwapweteke."

Anthu anang'ung'udza, poona kuti mayiyu wadzimanga yekha. Wapampando anapukuta misozi n'kuyamba kuganiza za mbuzi ya chipepeso, ataiwala kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

"Kwatsala chinthu chimodzi," anatero woweruza. "Wothyoka mwendo amationetsa mwendowo. Ndani pano angachitire umboni kuti odandaulawa mtima ali nawo?"

Mlembi wa komiti anayamba kumanga zingwe za nsapato zomangamanga kale. Abusa anakumbukira mwadzidzidzi kuti kuli kwaya, nanyamuka. Patapita nthawi anaimirira Nangondo, mayi a kunyumba kwa Wapampando, ndipo mwamuna wawo anatukumula chifuwa.

"Mwalumbira kunena zoona zokhazokha," woweruza anawakumbutsa.

Nangondo anakonza chitenje chawo, nayang'ana pansi.

"Bambowa ndakhala nawo zaka makumi atatu, mayi. Mtimawo mukaupeza, chonde mundiuzeko nanenso."

Bwalo linagamula kuti Nasimango azipita kwawo, pakuti chinthu chimene kulibe sichivulala.