Mbalame za a Lufeyo ndi Mapira a Apongozi

Mwambi uja munaumva kwa a Nachisale dzulo unayamba motere, ana inu, koma manja asaleke kusenda mtedzawo. Paja anaunena ataona mnzanu Mwatitha atataya ndowa ya madzi, ine nditavula patapata kuti ndimuthyape, iye n'kudzandikumbatira miyendo. Patapata uja anangothera m'mwamba. Nkhani ya mwambiwo ndi iyi.

Panali bambo wina dzina lawo a Lufeyo. Anakwatira mkazi wotchedwa Nangondo n'kukakhala chikamwini kumudzi kwa mkaziyo, ndipo anabereka mwana wamkazi, Esinta. Asanakwatire, a Lufeyo anagwirapo ntchito yosamalira maluwa kwa bwana wina m'tauni. Anzawo akachoka m'tauni amabwera ndi njinga kapena wailesi. Iwo anabwera ndi chipewa chachikulu cha mlaza ndi khalidwe limodzi lokha, kudyetsa mbalame zakutchire.

Tsiku lina Nangondo akuchokera kuchitsime anapeza amuna ake akuboola zikho n'kumazimangirira pamtengo wa mango kuseri kwa nyumba.

"Bambo a Esinta, zikho mukuboolazo n'zanga zotungira madzi."

"Mayi a Esinta, m'tauni anthu ozindikira amamwa tiyi mbalame zikuimba pawindo."

"Ife windo tilibe."

"Ziziimba pakhomo."

"Nanga tiyiyo ali kuti?"

A Lufeyo anathira madeya m'zikho muja, anaika phale la madzi pathandala, n'kuyamba kuimba mluzu. Poyamba kunabwera timba mmodzi, n'kudya mochewukachewuka ngati mlendo wa pamaliro. Mawa lake anabwera ndi mkazi wake. Mudziwa inu kuti mbalame sisunga chinsinsi. Sabata isanathe kunali mpheta, apumbwa, njiwa, ndi zina zoti ngakhale akuluakulu a m'mudzimo sanazidziwe mayina.

A Lufeyo anakondwa koopsa. Anadula kansungwi kopindika, n'kumangirira kachikho kunsonga kwake. M'mawa uliwonse ankaima kuseri kuja, chipewa kumutu, nsungwi atatambasula kutsogolo, mluzu ukulira. Mbalame zinazolowera mpaka zinkatera pansungwipo n'kumadya iwo ataigwira. M'mphepete mwa chipewa ankathiramo misere, kuti zochepa mphamvu zizidyera pamenepo. Pumbwa wina wamkulu, wakuda kumutu, anamutcha dzina loti Kapitawo, chifukwa sankalola mnzake kuyamba kudya iye asanalawe.

Tsono kuseri komweko, kungodumpha mpanda wa udzu, kunali kamunda ka mapira ka apongozi awo, amayi ake a Nangondo. Anali mapira ofiira aja a thobwa, ndipo mbewu yake m'mudzi monse inali ndi iwo okha. Nangondo anachenjeza.

"Alendo anuwa madeya adzawakwana. Mapira a amayi akayamba kucha, mudzaona."

"Mbalame yokhuta siiba," anatero a Lufeyo.

"Inu mumakhuta tsiku lililonse, koma chiponde changa chimatha bwanji m'mbale muja?"

Mapira atangoyamba kufiira, alendo aja anasintha kadyedwe. Ankayamba ndi madeya a a Lufeyo ngati kusamba m'manja, kenako onse uluuu, kudumpha mpanda. Ngala za mapira zinkagwedezeka popanda mphepo.

Paja mwambo mukuudziwa, mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana kumaso. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Choncho apongozi sakanabwera kudzakalipa pakhomo. Anaima kuseri kwa mpanda, pomwe panali mbuzi yawo yomangirira, n'kuyamba kulankhula ndi mbuziyo mokweza.

"Iwe mbuzi iwe! Ukamuona munthu wachipewa uja umuuze kuti ine ndinalandira mkamwini mmodzi, sindinalandire mtundu wake wonse wa mapiko."

A Lufeyo anali tsidya lino la mpanda. Anavula chipewa, n'kugwada, nawonso n'kuyankha mbuzi.

"Mbuzi, uwauze amayi kuti mbalamezi n'zaulemu, zimangolawa."

"Mbuzi, umuuze kuti mapira angawa akatha, iyenso watha. Anyamule chipewa chake ndi zikho zobookazo azipita kwawo. Mwana wanga ndi mdzukulu wanga atsala konkuno."

Mbuzi inangoti mee, n'kupitiriza kudya.

Apa a Lufeyo anaona kuti zinthu zavuta. Kwawo kunali kutali, ndiponso Nangondo ndi Esinta ankawakonda zenizeni. Anachotsa zikho zonse pamtengo. Koma kuchotsa zikhoko kunangoonjeza moto, chifukwa mbalame zitapeza madeya palibe, zinapita kumapira zili ndi njala yeniyeni. Anayesa kuziingitsa ndi mawu. Zitamva mawu a mwini chakudya, zinaitana ndi zinzake zomwe.

"Tengani legeni," anatero Nangondo, "kapena mutchere ulimbo ngati amuna anzanu."

"Legeni n'nja ana. Ine ndigwetsa mtsogoleri. Kapitawo akagwa, ena onse athawa. Kandibwerekere uta wa malemu bambo ako uja uli kudenga kwa amayi."

"Munayamba mwaponyapo muvi inu?"

"Ndinaonapo anthu akuponya."

Nangondo anapita kukatenga utawo. Mbiri inamveka m'mudzi kuti mkamwini wa m'tauni akukamenya nkhondo, moti m'mawa mwake anthu anadzaza kuseri kwa nyumba, ena atakwera pachulu. Apongozi anakhala kuseri kwa mpanda wawo, pafupi ndi mtsuko wa thobwa umene anakonzera olima m'dimba mwawo, n'kumasuzumira pakampata ka udzu.

A Lufeyo anatuluka atavala chipewa chawo chija. Anaima malo omwe aja ankaima masiku onse. Kapitawo anali pangala ya mapira, akudya mosatekeseka. A Lufeyo anatambasula uta kutsogolo, anaika muvi, n'kutsinzina diso limodzi. Tsono anali ndi chizolowezi choti akaika mtima pa chinthu, milomo imasongoka yokha. Mluzu unalira.

Ana inu, taganizani zimene mbalame zinaona. Munthu yemwe uja, malo omwe aja, chipewa chomwe chija, mtengo wopindika uli m'manja, mluzu womwe uja. Zinati madeya abwerera!

Kapitawo ndiye anayamba. Anauluka pangala paja n'kudzatera pautapo, pamwamba penipeni pa chala cha a Lufeyo. Atimba anandanda pamuvi. Mpheta zinadzaza chipewa n'kumafufuza misere. Njiwa ina yonenepa inasowa malo n'kutera paphewa.

"Lasanitu, alamu!" anakuwa mlongo wake wa Nangondo ali pachulu.

"Ndilasa bwanji? Ili pauta!"

"Tembenuzani utawo!"

A Lufeyo anatembenuza uta. Kapitawo anatembenuka nawo. Anaukweza m'mwamba, Kapitawo anakwera nawo. Anayamba kuzungulira pamalo amodzi ngati galu wofuna mchira wake, anthu n'kumagwa pansi kuthawa nsonga ya muvi.

"Kapitawo, tapita uko pang'ono," ananong'ona a Lufeyo. "Takaima apo, ndikuone bwino."

Kapitawo anapendeka mutu, anawayang'ana m'maso, n'kuwajompha chala pofuna chakudya. Chala chinatseguka. Muvi unachoka wokha, atimba n'kubalalika, ndipo unaboola mpanda wa udzu. Kuseri kunamveka phoo! Kenako thobwa linayamba kuyenderera pansi pa mpanda kubwera tsidya lino.

Apongozi anaiwala mwambo, anaiwala ndi mbuzi yomwe. Anazungulira mpanda n'kudzaima maso ndi maso ndi mkamwini wawo koyamba chikwatirire, chitenje chili chonyowa ndi thobwa. Anatsegula pakamwa kuti amuthamangitse. Koma chimene anaona ndi munthu wamkulu akufuna kugwada koma akuopa kugwetsa njiwa ya paphewa, chipewa chikulira ngati chisa, Kapitawo atabwerera kale pauta. Pomwepo Esinta anathamanga n'kudzagwira mwendo wa bambo ake. Apongozi anaphimba kukamwa ndi chitenje, mapewa n'kumagwedezeka, mpaka anakhala pansi ndi phwete.

Amene sanaseke ndi Nangondo. Iye ankayang'ana kumunda.

"Amayi, taonani mapira anu."

M'mapira munalibe mbalame ngakhale imodzi. Zonse zinali pa a Lufeyo.

Nangondo analowa m'nyumba, anatuluka ndi lichero la madeya, n'kuwasenzetsa amuna ake. "Bambo a Esinta, njira ya kudambo mukuidziwa. Yendani, musaleke mluzuwo. Mukabwere dzuwa likapendeka. Mawa chimodzimodzi, mpaka amayi akolole."

Ndipo zinaterodi. M'mawa uliwonse a Lufeyo ankatsika kudambo, uta uli patsogolo, khamu la mbalame likuwatsata ngati ukwati. Ana a m'mudzimo ankawaimbira nyimbo, koma mapira anacha bwinobwino. Apongozi anakolola, anasunga mbewu, n'kuphika thobwa mumtsuko watsopano. Chikho choyamba anatumiza kwa mkamwini, ndipo chinali chimodzi mwa zobooka zija, atachimata ndi phula.

Mlongo wake wa Nangondo sanamvetse. "Amayi, munthuyu anakuitanirani mbalame, anakuswerani mtsuko, muvi ukanakulasani inuyo. Bwanji simunamuthamangitse monga munanenera?"

Apongozi analoza pakhonde. A Lufeyo anali atakhala pamenepo akumwa thobwa, Esinta ali pamiyendo, Kapitawo ali pachipewa.

"Ndimuthamangitse bwanji bambo wa mdzukulu wanga? Suja unaona wekha tsiku lija? Mbalame ikatera pauta siilasika."