Mpeni wa malume uli pachiwaya cha a Mbewe

Anandilanda mpeni. Si mbala ayi, koma munthu wodziwika, masana dzuwa likuswa mtengo, pamsika wa Nsaru, anthu akuonerera, ine ndemwe ndikuupereka ndi manja awiri.

Mpeniwo anandisiyira malemu malume anga. Anausulitsa ku Kabudula kuchokera ku chitsulo cha sipuling'i ya galimoto. Wakuda bii, wokhota pang'ono, chigwiriro chokulunga ndi mphira ya chubu cha njinga. Kunyansa kwake ndiye musanene. Koma unkadula chilichonse: luzi, nzimbe, mitengo ya fodya ku esiteti komwe ndakhala ndikugwira ganyu chisiyireni sukulu ndili Fomu 2. (Za sukuluyo musandifunse. Ndinatopa kuyankha.)

Fodyayo nayenso ndinatopa naye. Chaka chonse manja ali nomi ndi utomoni wake, pamapeto pake bwana akuti mitengo yogulitsira fodyayo sinayende bwino. Ndiye a Mbewe, amene amagulitsa nyama ya mbuzi pachiwaya, atandiuza kuti akufuna wosenda, ndinaona ngati ndapulumuka.

"Ubwere Loweruka ndi mpeni wako," anatero. "Ukasenda bwino, ntchito ndi yako. Kwa ine wosenda amatenga mang'ina, mbuzi iliyonse."

Apa m'pamene uchitsiru unandilowa. Ndinauyang'ana mpeni wa malume n'kuchita nawo manyazi. Munthu ukayambe ntchito yatsopano ndi chinthu chooneka ngati wachitola kudzala?

Ndinapita kwa venda wina amene amayala mipeni pasaka. Inalipo mitundu itatu. Woyamba unali wopinda wochokera ku Joni, wa chigwiriro cha thabwa, umene amayenda nawo oweta ng'ombe. Wabwino ndithu, koma mtengo wake unandibweza. Wachiwiri unali wa kukhitchini, wopyapyala, woti ukaukanikiza pa chinangwa umawerama ngati ukupereka moni. Wachitatu ndiwo unandipha. Wonyezimira, wopinda, m'mimba mwake muli kasizasi, chotsegulira botolo, ngakhalenso katochi.

"Uwu, achimwene, ndi wa asilikali akunja," anatero vendayo. "Sufuna kunola mpaka mudzakwatire."

"Ungasende mbuzi?"

"Mbuzi? Nenani ng'ombe."

Ndinagula. Wa malume ndinauponya m'thumba la kumbuyo, mwa chizolowezi chabe.

Loweruka mbuzi ndinaipeza atazinga kale, yopachika pamtengo wa mango kuseri kwa chiwaya. Ndinatulutsa wonyezimira uja pang'onopang'ono kuti anthu awuone. Anauonadi.

"Kodi wabwera kudzasenda kapena kudzawenga zikhadabo?" anafunsa a Mbewe.

Mwendo woyamba zinayenda. Wachiwiri mpeni unali utabuntha kale, ukungosisita ubweya. Ndinaunola pamwala, mwalawo n'kungodya utoto wonyezimira uja. Ndinayamba kukankha ndi mphamvu, chikopa n'kubooka malo atatu. (Kwa osadziwa: chikopa chimagulitsidwa pachokha, ndipo chobooka palibe amachifuna.) A Mbewe anangopuma mokoka.

Kenaka pong'amba mimba, mpeni unadzipinda wokha n'kundiluma chala. Ndinakoka dzanja mwadzidzidzi, kasizasi kaja katatuluka mbali inayo, n'kukabaya ndulu. Madzi obiriwira anayenderera pachiwindi ndi matumbo onse. Aliyense wakudya mbuzi akudziwa kuti nyama yokhudzidwa ndi ndulu ngakhale galu amaiganizira kawiri. Ndipo pachiwaya anthu amalimbirana chiwindi chomwecho ndi matumbo.

Katochi kokha ndiko kanayaka.

"Ulibe mpeni wina, mwana iwe?" anafunsa a Mbewe, osakweza mawu n'komwe.

Ndinatulutsa wa malume. Anaulandira, kuutembenuza, kuuyesa pa ubweya wa pamkono pawo. Ubweya unayoyoka. Anamaliza mbuzi yonse ine ndisanamalize kumanga chala.

"Unali ndi uwu m'thumba nthawi yonseyi, eti?"

"Eya."

"Ndiye vuto si mpeni." Anaupukuta pa epuloni. "Uwu utsale kaye kuno, ulipire chiwindi. Iwe kapume, chala chipole. Ndikuitana."

Nyengo ziwiri za mvula zadutsa chinenereni mawu amenewo. Ndinabwerera ku fodya, kumene ndimadula mitengo ndi chikwanje chobwereka. Tsiku la msika ndikadutsa pachiwaya ndimaupeza mpeni wa malume uli pantchito imene inali yanga. Anausinthira mphira, ukuoneka wosangalala. Ndikaufunsa, a Mbewe amati chiwindi chija chinali chachikulu.

Wonyezimira uja ndikadali nawo. Umatsegula botolo bwino kwambiri, pamenepo sindinama. Ndipo sabata yatha ndinaima nthawi yaitali kwa venda yemwe uja, ndikuyang'ana wina watsopano wokhala ndi kampasi yolozera njira.

Koma a Mbewe asaganize kuti ndinaiwala. Mbuzi ija ndinaisenda theka. Akundisungira mpeni umodzi ndi mang'ina awiri.