Malaputopu Opaka Shuga a Malume Kathumba

Mwambi uwu unayamba motere, ana inu, koma musaseke kwambiri chifukwa mwini nkhani ndi malume anga. Nzeru zawo ndi zakumtundu, nanenso ndinatengako.

A Kathumba anakhala zaka khumi akuphika masikono ku Limbe. Kutabwera timalaputopu totchipa, tating'ono ngati buku la nyimbo, anazimitsa uvuni n'kukayala benchi pansi pa mkuyu pafupi ndi msika. Za kompyuta ankangodziwa batani loyatsira. Tsoka ilo, kutsidya kwa msewu kunali Nasibeko, wogulitsa timalaputopu tomweto. Malume akatsitsa mtengo, iye ankatsitsanso. Akaikapo chikwama chaulere, iye ankaika chikwama ndi mahedifoni. Anatsitsirana mpaka phindu linatsala la chipisi.

Tsiku lina kunabwera mayi Chikaonda, mwini sukulu yophunzitsa kutayipa ku Balaka.

"Ndikufuna malaputopu khumi ndi awiri," anatero. "Mitengo yanu ndi imodzi nonse. Ndibweranso Lachisanu, ndidzagula amene adzandikomere m'maso."

Malume anachita mantha. Akaphonya apa, benchi ikathera pomwepo, abwerere ku utsi wa uvuni anthu akuwaseka. Anaganiza mozama, ndipo kwathu munthu akaganiza mozama timayamba kuda nkhawa. Anakumbuka kuti sikono yowala ndiyo imayamba kugulidwa, ndipo chowalitsa sikono ndi madzi a shuga. Anasungunula shuga m'kapu, anatenga nthenga ya nkhuku, n'kupaka laputopu iliyonse pachivundikiro, m'mbali, mpaka pakati pa mabatani.

"Kodi bambo, mukatha kupakako muziika mu uvuni?" anafunsa akazi awo.

"Malonda simuwadziwa inu. Munthu amagula ndi maso."

Anawayanika pabenchi masiku awiri, pansi pa mkuyu pomwepo.

Lachisanu malaputopu aja ankachita kuthobwa m'maso. Mayi Chikaonda anapitirira benchi ya Nasibeko osacheuka.

"Koma ndiye ngokongolatu," anatero.

"Atsopanotsopano, mayi. Tayatsani muone nokha."

Chivundikiro chinayamba chakanirira, kenako chinamatuka. Mayi aja anadina batani, makina anayamba kufunda. Pakati pa mabatani panatuluka nyerere imodzi. Malume anaisasa msanga.

"Yagwa mumtengomu iyi."

Panatuluka yachiwiri, itanyamula dzira. Pambuyo pake panatuluka mudzi wonse, mzere kukwera mkono wa mayi Chikaonda mpaka m'khosi. Anatsegula laputopu ina, chimodzimodzi. Onse khumi ndi awiri anali ndi eni ake kale.

"Bambo," anatero akudzikuntha, "ana anga azikatayipa kapena azikapha nyerere?"

Malume anangoona mayi aja akuwoloka msewu n'kukagula malaputopu afumbi a Nasibeko, osanenerera n'komwe.

Lolemba lake malume anayatsanso uvuni, ndipo masikono awo anawala mpaka imfa yawo. Wina akakuuzani kuti mwambiwu ndi wakale kuposa makompyuta, musiyeni, ife eni manyazi tikudziwa pomwe unayambira. Pajatu madzulo a Lachisanu lija Nasibeko anabwera kudzapepesa mnzake. Anatola nkhuyu yofiira yomwe inagwera pabenchi, anaing'amba pakati, anasuzumiramo, kenako anayang'ana malaputopu aja n'kupukusa mutu.

"Pepani a Kathumba," anatero. "Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere."