Galimoto Yachikasu ya Malemu a Gondwe

Lolemba

Ofesi yatsopano, ku Hara. Mpunga mbali zonse, madzi m'ngalande, udzudzu woluma ngakhale dzuwa lili pamutu. Kutentha kwake! Ine mwana wa ku Dedza malaya anyowa kale isanakwane naini koloko.

Andipatsa tebulo la mlangizi wa zaulimi amene ndalowa m'malo mwake, malemu a Gondwe. Anamwalira mwezi wathawu pangozi ya njinga yamoto. Kompyuta yawo ndi yofunditsidwa chitenje. A Chiumia, mesenjala wathu, bambo wachikulire wosadziwa kuseka, akuti chimwalirireni palibe waikhudza, ndipo ndikanadikira kaye achibale adzapemphere. Ndawayankha kuti kompyutayi ndi ya boma, si ya mudzi. Andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, atuluka.

Zolinga za sabata ino:
1. Kuloweza mayina a alimi, ngakhale khumi okha.
2. Kupeza ometa tsitsi wosacheka makutu.
3. Kugonjetsa mlamu wanga Yohane Lamlungu likubwerali.

Chachitatucho ndiye nkhani. Pali gemu ina ya pa intaneti, yongotsegula n'kuyamba, yomwe magalimoto amasewera mpira. Chimpira chachikulu kuposa galimoto, awiri mbali ino, awiri mbali inayo, mphindi zisanu. Yohane wandikwapula kale katatu, ndipo zigoli amaziika pa gulu la banja la pa foni, pomwe apongozi anga amawerenga atavala magalasi. Ndalumbira kuti ulendo uno alira.

Nthawi ya nkhomaliro ndavundukula chitenje, ndayatsa, ndayamba kulemba dzina la gemuyo. Zilembo ziwiri zokha, kompyuta yamalizitsa yokha. Gemu yatseguka ili kale m'kati mwa akaunti ya munthu. Dzina: Kilombero. Galimoto yachikasu, matayala agolide, mulingo wa akatswiri. Malemu ankasewera! Mabatani anayi oyendetsera zilembo zake zinafufutika, angosalala.

Hafu pasiti thwelofu ndendende, kabokosi katulukira pa sikirini. Wina wotchedwa Nyota akundiitana kuti tikhale timu imodzi. Ndavomera. Galimoto yake ndi yobiriwira. Mpira wayamba, adani awiri aja akuthamanga, koma Nyota sakuyenda. Wangotembenuza galimoto yake kuloza yanga, n'kuima. Mphindi zisanu zonse, phee. Atichinya zigoli zisanu ndi zinayi, chimodzi ndadzichinya ndekha.

Pomaliza walemba liwu limodzi: "Ndimwe?"

Ndabwezera chitenje.

Lachiwiri

Alimi ndadziwa atatu. Onse atatu ndi a Msiska.

Mpando uwu uli ndi dzenje la thupi la munthu wina. Ndikakhalapo umandipendeketsa kumanzere, ndikawongoka umalira.

Ndajambula galimoto yachikasu ija ndi kutumiza pa gulu la banja. Ndalemba kuti, "Yohane, konzekera maliro ako." Nditatumiza ndiye ndaona kuti mawuwo sakukhala bwino pa tebulo lino. Apongozi awerenga kale.

Hafu pasiti thwelofu, Nyota wabweranso. Lero akusewera, ndipo munthuyu ndi katswiri. Amakwera khoma, kuuluka, kulanda mpira m'mwamba. Koma mpira uliwonse akuuponyera pa ngodya yakumanja, pafupi ndi golo la adani, pomwe palibe aliyense. Mpira umafika, kudunda kawiri, kuima. Ine ndili kutsidya lina, galimoto chagada, matayala akuzungulira m'malere. Wachita choncho kasanu. Kachisanu ndi chimodzi ndamvetsa: pamenepo m'pamene mwini galimotoyi ankadikirira.

Wina kwinakwake akuganiza kuti ndine a Gondwe. Ndikudziwa kuti ndiyenera kumuuza zoona.

Zifukwa zosamuuzira lero:
1. Akadziwa andithawa, ndipo ndekha sindingachinye ngakhale golo litakhala lopanda munthu.
2. Mwina ndi mnzawo wa ku Tanzania amene sanamve za maliro. Ine ndikhale wolengeza maliro a munthu amene sindinamuonepo?
3. Matayala agolide.

Ndimuuza Lolemba, Yohane atalira.

Lachitatu

Ometa tsitsi ndamupeza. Khutu lakumanzere lili ndi pulasitala.

Masana, tisanayambe mpira, Nyota walemba: "Mwarya?" Ichi Chitumbuka changa chakwanitsa, akufunsa ngati ndadya. Sindinadye, koma sindine amene akufunsidwa. Patapita kanthawi walembanso: "Ŵana ŵali makora." Ana ali bwino.

Ana a ndani?

Manja ayamba thukuta. Mpira wayamba, ndikufuna kudina batani lothamangitsira galimoto, chala chaterereka, chadina nambala wani. Ndimadziwa bwanji kuti malemu anasungiratu mawu pa manambalawo, oti azingodina osataya nthawi kulemba? Pamwamba pa galimoto yachikasu patuluka liwu, loonekera bwinobwino: "Nkhwiza."

Galimoto yobiriwira yaima pakati pa bwalo. Yaima. Kenako yazimiririka, Nyota watuluka.

Ndapita kukhonde komwe a Chiumia akutsuka makapu. Ndafunsa ngati munthu wongofuna kuphunzira chilankhulo kuti "nkhwiza" n'chiyani. Akuti ndiye kuti "ndikubwera". Afunsa kuti ndazimva kuti. Ndati pa kompyuta. Afunsa kuti walemba ndani. Ndati ine, koma osati ine kwenikweni.

Aika kapu pansi pang'onopang'ono.

Madzulo mphepo yochokera m'minda ikungokankha chitseko cha ofesi, kutsegula, kutseka. Ndi mphepo basi. Ndalemba apa kuti ndizikumbukira kuti ndi mphepo.

Lachinayi

A Chiumia andipeza m'mawa ndisanakhale pansi. Atseka chitseko. Lero andifotokozera zonse, ataimirira, chipewa chili m'manja.

Nyota uja ndiye a NyaMhango, mkazi wa malemu, namwino pa chipatala china ku Kaporo. Ntchito inawaika motalikirana, mwamuna kuno, mkazi ndi ana uko. Mitsinje ikasefukira ankatha milungu osaonana. Ndiye masana aliwonse, hafu pasiti thwelofu, mkazi ankatenga foni, mwamuna kompyuta, n'kukumana m'bwalo la mpira lija. Ofesi yonse inkadziwa. Ankati a Gondwe apita kunyumba, pomwe ali pa mpando pompano. Chiikireni maliro, mayiyo amalowabe tsiku lililonse, kuitana, kudikira, kutuluka.

Lolemba lija, munthu wina anavomera.

Mphwake wa a Chiumia amakhala moyandikana ndi mayiyo. Akuti dzulo ataweruka anasesa bwalo lonse, anaphika mbalaga, nthochi zosakaniza ndi nyama, anaika mbale pa malo a bambo. Ana akufunsa. Achibale a kuchimuna ayamba kale kunong'ona kuti malemu sakugona chifukwa katundu wawo anagawidwa mofulumira. Ena akuti aitane akulu ampingo.

"Bwana," atero a Chiumia, "munthu uja tinamuika m'manda ndi manja athu. Inu mwamudzutsa ndi chala chimodzi. Si bwino yayi."

Ndati ndikonza. Afunsa kuti liti. Ndati lero.

Masana ndayatsa kompyuta. Kabokosi katuluka: Nyota akukuitanani. Ndangokayang'ana. Kazima. Katulukanso. Kazima. Ndawerenga kufika khumi ndi kawiri, kenako ndasiya kuwerenga. Wani koloko ndendende kasiya, nthawi yawo yobwerera ku odwala.

Ndine wamantha. Ndalemba ndi dzanja langa, palibe wandikakamiza.

Lachisanu

Ndakonzeratu mawu papepala:

"Mayi, pepani, ndine mlangizi watsopano." Akumveka ngati kalata ya boma.

"Mayi, amuna anu anamwaliradi." Ayi, Mulungu andikhululukire.

"Mayi, si iwo. Ndine munthu wina wopusa wa ku Dedza. Pepani kwambiri." Awa ali bwino, ndipo ndi oona.

Hafu pasiti thwelofu ndavomera kuitana kuja. Pepala lili pambali. Ndati ndilembe mpira usanayambe, koma mpira wayamba. Ndati chabwino, kamodzi kokha, kotsanzikira. Sindikudziwa chandigwira n'chiyani, koma ndayendetsa galimoto molunjika mpaka pa ngodya yakumanja ija, ndaima, ndadikira. Nyota wakwera khoma, wauluka, waponya. Mpira wafika pa mphuno ya galimoto yanga ngati wachita kuyezedwa. Ndangougunda pang'ono.

Chigoli! Choyamba m'moyo wanga!

Ndakuwa, ndadumpha, mpando wagwa. A Chiumia asuzumira pazenera. Nditabwerera pa sikirini, galimoto yobiriwira yaimanso, yaloza yanga. Walemba: "Yewo, awiske Tiwonge." Zikomo, bambo a Tiwonge.

Chimwemwe chonse chathera pomwepo. Ndatenga pepala, ndayamba kulemba, "Mayi, si," netiweki yapita. Ndazungulira ofesi yonse, ndakwera pa tebulo ndi kachipangizo ka intaneti m'manja, ndatuluka mpaka m'mbali mwa ngalande. Palibe. Yabwera foro koloko, Nyota kulibe.

Yohane watumiza uthenga: wayamba kuchita mantha, akuti galimoto ija ndinaipeza bwanji. Sabata yonse ndakhala ndikufuna uthenga umenewu. Ndabwezera foni m'thumba.

Loweruka

Ofesi satsegula Loweruka, koma makiyi ndili nawo. Ndabwera leveni koloko kudzadikira hafu pasiti thwelofu, pepala m'thumba. Kunja kuli zii, achule okha m'minda.

Thwelofu isanakwane, gogogo pachitseko. Ndatsegula. A Chiumia, ndipo kumbuyo kwawo mayi wamfupi, zovala zakuda, duku lakuda, nsapato zili ndi matope a ulendo. A Chiumia anawaimbira foni dzulo madzulo n'kuwauza zonse. Ine sanandiuze. Mayiwo anyamuka ku Kaporo m'mawa, minibasi ziwiri ndi kabaza.

Ndagwada, ine munthu wa dipuloma. Mawu a papepala aja onse athawa, ndangotsala ndi pepani, pepani, pepani. Mayiwo andiuza kuti ndidzuke, pansi pali fumbi.

"Ndinadziwa Lachiwiri," atero. "Amuna anga sankayendetsa ngati munthu woledzera."

Ndafunsa kuti nanga bwanji anapitiriza kundiitana.

"Galimoto imayenda." Akuyang'ana mabatani osalala aja. "Mutu unadziwa, bambo. Koma Lachitatu mutalemba zija, ndinaphika."

Ndikanakonda akanandimenya.

Apempha kukhala pa mpando. Sunawalirire, wawalandira bwinobwino. Atulutsa foni yawo, aitsegula, aitana Kilombero, aiika pa tebulo. Kenako avomera okha pa kompyuta. Mpira wayamba. Kiyibodi saizolowera, ndiye akudina ndi chala chimodzi, galimoto yachikasu ikuyenda mokhotakhota, ikugunda khoma, ikubwerera. Aifikitsa pomwe paima yobiriwira ija, aiimika pambali pake, zitseko kugundana. Achotsa manja.

Adani awiri, anthu a dziko lina osadziwa kanthu, akungochinya. Mmodzi akulemba mawu m'chilankhulo chachilendo, ndikukhulupirira kuti ndi kutukwana. A Chiumia avula chipewa. Mphindi zisanu sizinanditalikirepo chonchi.

Nthawi itatha, afunsa kuti potulukira mu akaunti ndi pati. Ndawaonetsa. Ndawachenjeza kuti mawu achinsinsi olowera sindikuwadziwa, ndipo akatuluka palibe adzalowenso. Akuti nawonso sawadziwa, bamboyo sanawauzepo. Ndivomereze pano poti palibe adzawerenge: ngakhale pamenepo, kamtima kena kanali kuganiza za Yohane ndi mawa.

Adina okha. Sikirini yabwerera poyambira, pofunsa dzina.

Akana tiyi, akuti ana ali okha. A Chiumia awaperekeza kumsewu. Ine ndatsala ndikudzutsa zinthu zimene sizinagwe.

Lamlungu

Kutchalitchi nyimbo zonse za Chitumbuka. Ndatsegula pakamwa mogwirizana ndi anzanga, mawu osatulutsa.

Masana ndatsegula akaunti yangayanga pa foni, ndi dzina langa lenileni. Andipatsa kagalimoto kotuwa, matayala wamba, kopanda chilichonse.

Zotsatira za sabata:
1. Alimi: asanu ndi awiri. Anayi ndi a Msiska.
2. Khutu: likupola.
3. Yohane zigoli khumi ndi zinayi, ine ziro.

Waika kale pa gulu la banja. Apongozi ayankha ndi kachithunzi ka manja opemphera. Mkazi wanga waimba, akuti ndisiye zachibwana, ndili ndi zaka makumi anayi. Ndavomera. Wadabwa, wafunsa ngati ndikudwala malungo.

Kenako waimba Yohane mwini wake, akuseka mpaka kutsokomola. Akufunsa kuti galimoto ya matayala agolide ndinkamuopseza nayo ija ili kuti.

Ndamuuza kuti eni ake anabwera kudzaitenga. Akuti ndikawapemphe andibwerekenso sabata yamawa, mpira ukome. Ndati sizitheka, tinaiika m'manda dzulo.