Chuni Chinatsalira Pakhosi Panga

Ana anga amaganiza kuti ndimadana ndi nyimbo za malipenga, chifukwa zikangoyamba pa wailesi ndimanyamuka kukayang'ana nkhuku. Sadziwa kuti bambo awowa anakhalapo bandimasita wa anthu khumi ndi asanu, atavala jekete loyera, kamtengo kali m'manja. Ufumu wangawo unatha mphindi zinayi, ndipo pa zinayizo yabwino inali theka la yoyamba.

Zinali zaka zija za m'masevente, tauni yathu ya Kafue ikukula moti ukapita kumudzi miyezi iwiri umapeza chumuni chatsopano chikufuka. Ine ndinali kalaliki wa kusitolo pa fakitale ya nsalu, wopereka maovolo ndi masipeyala. Fakitaleyo inali ndi bandi yakeyake: malipenga anayi, masakisofoni asanu, matiromboni atatu (aja okoka uku akuimba), ng'oma, besi, ndi piyano imene ndinkaimba ineyo. Manotsi ndinaphunzira kumishoni ku Katete, pa limba la m'tchalitchi. Anzanga ena ankatha kuwerenga manotsi pang'onopang'ono, koma wodziwa kuwalemba ndinali ndekha, ndipo sindinkalola kuti munthu aiwale zimenezo.

Bandimasita wathu anali mzungu. Kontirakiti yake itatha, anakwera ndeke n'kutisiyira jekete ndi kamtengo. Bwana woyang'anira antchito, amene tonse tinkangowatchula kuti ba Pasonelo, anatisonkhanitsa m'kantini.

"Za azungu zatha," anatero. "Pa tsiku la Ufulu nifuna bandi iimbe nyimbo ya kuno kwathu, osati zija zovina mogwirana m'chiuno. Wamene azatichotsa manyazi pamaso pa alendo ndiye bandimasita, na nyumba ya bandimasita ku Estates ni yake."

Nyumba imeneyo ndinkaidziwa. Zipinda zitatu, magetsi, mpopi m'khitchini, chimbudzi chamadzi m'nyumba momwemo. Ife tinali m'zipinda ziwiri ku komboni ya Nangongwe ndi ana anayi, denga lodontha pamwamba penipeni pa bedi. Tsiku lomwelo ndinafika kunyumba chifuwa chili patsogolo.

"Amake Tisa, yambani kufuna makatoni. Tikusamuka."

"Akupatsani kale?"

"Atsala ndani wina? Anzanga aja ngakhale kujambula kanotsi kamodzi sangathe."

Pofika m'mawa, amayi onse a pampopi anali atamva kuti banja la kalaliki likupita ku Estates.

Ndinasankha nyimbo ya kwathu kum'mawa, ija amayi amaimba poperekeza mkwatibwi, chifukwa theka la fakitale linali la anthu akum'mawa ndipo ena onse anali ataimvapo pa maukwati athu. Tsono kukonzera nyimbo bandi yaikulu chonchi ndi kugawa ntchito. Gulu limodzi limanyamula chuni, chija munthu amaimba mluzu akamapita kwawo. Gulu lina limayankha, lina limayala mawu apansi, ng'oma ndi besi zimagwira phazi. Woimba aliyense amalandira pepala lake lokha, sadziwa zimene mnzake walemberedwa. Nyimbo yonse imaoneka pa chipepala chimodzi chachikulu, pamene mizere ya zida zonse imasanjikizana. Mzungu uja ankayamba ndi chipepala chimenecho, masiku atatu ali weramu. Ine ndinkati n'kutaya nthawi. (Mapepala a mizere anali atasowa m'tauni, ndinkalemba ndekha mizere isanuisanu ndi rula kuseri kwa mafomu akale a kusitolo. Koma ndisanamizire mapepala, unali ulesi.) Ndinati chipepala changa chili m'mutu.

Vuto lina linali mashifiti. Fakitale inali kalikiliki kudinda zitenje za Ufulu, makina osazima. Mzungu ankangolemba kakalata anthu n'kumasulidwa, koma ine nditapita kwa mafolomani anandifunsa ngati lipenga limaluka nsalu. Choncho a malipenga ndinkakumana nawo masana akaweruka, a masakisofoni m'mawa asanalowe, a matiromboni Lamlungu tikachoka kutchalitchi. Gulu lililonse palokha. Kuti asasochere, ndinkaima patsogolo pawo n'kumawang'ung'udzira chuni: la-la-la, la-la-la.

Chuni ndinayamba ndapatsa malipenga, monga mwa nthawi zonse. Mkulu wawo anali ba Mweemba, Mtonga wa kuboyila, munthu wosalankhulalankhula. Anayang'ana pepala, n'kugwira tsaya.

"Ba Kalaliki, iyi chuni yakwera maningi. Banichosa dzino, mulomo ukali wotupa. Pasani ba masakisi, ise tizayankha chabe."

"Zoona, ba Mweemba, zoona. Dzino si masewera."

Ndinawalembera zoyankha zokhazokha: pa-pa! apa, pa-pa-paa! apo. Chuni ndinapita nacho kwa ba Chileshe, makanika wa makina oluka, amene ankatsogolera masakisofoni ndipo ankapesa tsitsi katatu pa ola.

"Awe, mudala," anatero asanamalize n'komwe kuwerenga. "Pa giraundi pali mphepo. Sakisi siimveka kutali, muzationongela chabe dzina. Ise tipaseni vofewa, va pansipansi. Chuni ni ya ba Zulu, bali na mapaipi bakulu."

"Mwanena zoona, ba Chileshe. Inenso ndimaganiza chomwecho."

Sindinkaganiza chomwecho. Sindinkaganiza chilichonse. Ndinkangofuna kuti tsiku limene ba Pasonelo adzafunse, aliyense adzati kalaliki ndi munthu womva. Ndinawalembera manotsi ataliatali, huuu, huuu, okoma ngati uchi.

Lamlungu ndinafika kwa a Zulu, mdala wa ku Chipata amene anaimbapo tiromboni kuyambira ine ndisanabadwe. Anatalikitsa pepala ndi maso, n'kuliyandikitsa, n'kupukusa mutu.

"Mwana wanga, taona manotsi akowa, athithikana ngati nyerere. Mkono wangawu ukoke chitsulo kupita, kubwera, ufika liti? Chuni ndi ntchito ya malipenga kuyambira kalekale. Ife tipatse bom, bom, tikugwirire nyumba."

"Zoonadi, a Zulu. Ndi ya malipenga imeneyi."

Ndipo mtima wanga unakhala pansi, poti m'mutu muja, m'chipepala changa chachikulu chija, munalembedwa kuti chuni chili ndi malipenga. Si ndiko ndinayambira? Pamenepo n'kuti patapita masabata atatu chilankhulire ndi ba Mweemba za chuni, za dzino zitachoka kale m'maganizo. Nditakumananso ndi anyamata ake, ine la-la-la, iwo pa-pa! pamalo pake penipeni, ndinawaombera m'manja. Masakisofoni chimodzimodzi, matiromboni chimodzimodzi. Kulikonse kumene ndinkapita nyimbo inkamveka yathunthu. Ndinkabwerera kunyumba ndikudzifunsa kuti kodi mzungu uja ankavutikiranji.

Tinapangana zoyeserera tonse pamodzi kutatsala tsiku limodzi, koma kunabwera oda ina ya zitenje, theka la bandi linagwira ovataimu. Ndinati palibe kanthu. Aliyense akudziwa mbali yake.

Tsikulo dzuwa la Okutobala linaswa mtengo. Pabwalo panali mbendera, ana a sukulu m'mizere, amayi atavala zitenje zathu zomwe zija, mabwana ndi mlendo wochokera ku Lusaka ali m'tenti. Amake Tisa anakhala kutsogolo ndi amayi asanu ndi mmodzi a pampopi paja, amene anabwera kudzaona mnansi wawo akukwera. Ine ndinavala jekete la mzungu, manja ake akufika kunsonga za zala. Ndikukwera pa kabokosi koimapo, ndinadziuza chinthu chimodzi: bandimasita weniweni sang'ung'udza ngati mphunzitsi wa kwaya. Amatseka pakamwa, kamtengo n'kumalankhula.

Ndinakweza kamtengo. Poyambira ndinalemba kuti zida zonse zilire pamodzi, ndipo abale, zinalira! Aka kanali koyamba kumva bandi yanga yonse pamodzi. Ndinaona mlendo wa ku Lusaka akugwedeza mutu. M'maganizo ndinali nditatsegula kale mpopi wa m'khitchini.

Kenako inafika nthawi ya chuni. Ndinaloza malipenga ndi manja onse awiri, mwaulemerero. Anyamata anayi aja anali atatsitsa malipenga pamaondo, milomo ikuwerenga chamumtima. Ndinati mwina sanandione. Ndinalozanso. Ba Mweemba anandigwedezera mutu mwaulemu, ngati tikupatsana moni pamsewu.

Masakisofoni: huuu. Matiromboni: bom, bom. Ng'oma ndi besi zikuyenda bwinobwino. Kenako malipenga anadzuka onse pamodzi, pa-pa! kuyankha funso limene palibe anafunsa, n'kukhalanso pansi.

Palibe analakwitsa ngakhale notsi imodzi, zimenezo ndiyenera kuwachitira umboni. Ankaimba ndendende zimene ndinalemba. Ba Chileshe anatseka maso chifukwa cha kukoma kwa huuu wawo. Koma nyimbo panalibe. Zinali ngati ndiwo, mchere, mbale ndi madzi osamba m'manja zonse zafika, anthu akudikira nshima.

"Bayamba liti?" anafuula munthu wina kumbuyo.

"Bakali kuchuna!" anayankha mnzake, anthu n'kuseka.

Pamenepo m'pamene chipepala cha m'mutu chija chinatseguka, ndipo ndinaona zonse: dzino la ba Mweemba, mphepo ya ba Chileshe, nyerere za a Zulu. Chuni chinazungulira fakitale yonse n'kubwerera kwa mwini wake. Munthu yekhayo amene anachiimbapo masabata onsewo anali ine. Thukuta linatsika m'jekete mpaka m'masokosi.

Munthu wanzeru akanaimitsa bandi, n'kupepesa, n'kuyambitsa ina mwa nyimbo zakale za mzungu. Ine pakamwa panangotseguka pokha: la-la-la. Ndinkati ndiimbe motsitsa, oimba okha amve. Koma mkulu wolengeza mapulogalamu, munthu wachifundo amene sindidzamukhululukira, anaona milomo yanga ikugwedera, anaganiza kuti ndi mmene tinakonzera. Anathamanga ndi maikolofoni n'kundiikira kukamwa.

Apa ndiulule chimene sindinanene. Kumishoni kuja anandiika pa limba osati chifukwa cha luso, koma kuti ndichoke m'kwaya. Mawu anga ali ngati chitseko cha bafa. Ndiye mawu amenewo anatuluka m'zimkuzamawu zinayi, kumveka mpaka kutsidya kwa njanji. Mawu a nyimboyo, amene ndinawadziwa kuyambira ndili pamsana, anathawa onse. Kunatsala la-la-la basi, wonjenjemera, bambo wa ana anayi atavala jekete la eni, akukupiza kamtengo. Ana a sukulu anagwa pansi ndi phwete, aphunzitsi akuwaopseza uku nawonso akupukuta misozi. Ndinaona mlendo uja akuweramira kwa ba Pasonelo kufunsa kanthu. Kumene kunakhala amake Tisa sindinayang'aneko, ndinalibe mtima umenewo.

Ndili pakati pa la-la-la wachimakumi angapo, kumbuyo kwa masakisofoni kunaimirira munthu. Ba Mweemba. Anaika lipenga pamlomo, osayang'ana pepala, n'kuchitenga chuni chija pamwamba penipeni, pomwe paja ankati sangafikepo, choyera ngati madzi. Anali atachimva kwa ine masabata asanu ndi limodzi, akanalephera bwanji? Bwalo lonse linazindikira nyimbo nthawi yomweyo. Nthungululu zinabuka, amayi akum'mawa analowa m'bwalo zitenje zili m'chiuno, akuimba mawu onse aja anandithawa. Huuu wa ba Chileshe ndi bom wa a Zulu zinakhala pamalo pake, pa-pa! uja anapeza womuyankha. Kunena zoona, nyimbo inakoma koopsa, ndipo ndinaikonza ndine. Wolengeza uja anandilanda maikolofoni n'kupita nayo kwa ba Mweemba. Ine ndinapitiriza kugwedeza kamtengo mpaka kumapeto, ngakhale panalibe ndi mmodzi yemwe wondiyang'ana.

Lolemba ba Pasonelo anandiitana. Anati mlendo anasangalala kwambiri, makamaka ndi nzeru ija yoyamba ndi nthabwala kenako n'kubweretsa lipenga. Anati bandimasita ndi ba Mweemba, poti ndiwo anaombola dzina la kampani.

"Koma imwe muli na dzanja labwino," anawonjeza. "Muzapitiliza kubalembela mapepala."

"Chabwino, bwana."

Loweruka lotsatira ndinasainira lole ya kusitolo yokasamutsa ba Mweemba, ndipo poti anandipempha, ndinawathandiza kukweza kabati. Akuseka ndi dalaivala ndinasuzumira m'kamwa mwawo kufuna kuona pamene panachoka dzino. Sindinaone bwino. Mpaka lero sindidziwa, ndipo munthuyo sanandilakwirepo chilichonse choti ndingaloze, chimene chimandipweteka kwambiri.

Kunyumba amake Tisa anali atalonga kale mbale m'makatoni, dimba lawo la repu atapatsa mnansi. Anamasula makatoniwo okha, masiku atatu. Madzi ankakatunga m'bandakucha kuti asakumane ndi anzawo pampopi. Zimenezo zinandiwawa kuposa kuseka konse kwa pabwalo paja. Tsiku lachinayi, akupukuta mbale yomaliza, anayankhula osandiyang'ana.

"Atate ake Tisa, kuimba koipa si mlandu, munabadwa nako. Chimene chatilanda nyumba n'chakuti inu aliyense akanena kanthu mumati zoona. Wa dzino, zoona. Wa mphepo, zoona. Simungakane ngakhale kamodzi?"

Ndinaganiza mofatsa, chifukwa ndinkafuna kuwayankha mawu olemera, oti aone kuti mwamuna wawo wasintha.

"Zoona, amake Tisa," ndinatero. "Mwanena zoona."

Anaika mbale ija pansi bwinobwino, n'kutuluka panja kukafuna beseni loika pabedi, poti mitambo inali itayamba kuda. Ku Nangongwe tinakhalako zaka zina khumi ndi chimodzi.