Chinsomba cha Tadala Chakana Kufa

Lolemba

Thanki ili mbee. Miyala ndachapa, madzi ndasintha. Tinsomba tanga tonse ta mzere wabuluu tapita ndi matenda a madontho oyera. Chapulumuka chimodzi chokha: chinsomba chakuda, cha chimimba, chimene chinabweretsa matendawo. Mwini wake ndi Tadala, msuweni wanga amene ndikukhala naye. Chibwenzi chake chinampatsa, iye n'kungochiponya m'thanki mwanga osafunsa. Dziko lonse likubindikiritsa alendo m'mahotela chifukwa cha mliri, koma kwa Tadala mlendo amangofikira kuchipinda!

Ndachiika m'ndowa kubafa, ndathiramo mankhwala. Si chifundo ayi, mankhwalawo anangotsala.

Pulani:
- nsomba zatsopano pofika Lamlungu
- ndisankha ndekha
- galimoto ya Tadala sindikwera
- Tadala sindimuyankhula

Lachiwiri

Ndaweruka kuntchito ku Kewdale, basi iyi basi iyo mpaka ku Malaga, mbali ina ya Perth yomweyi, masiki kukamwa, madzi a pampope m'botolo la jamu. Bambo wa m'sitolo ya nsomba akudonthezamo mankhwala, madzi akusintha mtundu. Akuti madzi athu ndi olimba. Olimba? Ndaviikamo chala. Madzi ngati madzi ena onse.

Akuti ali ndi laimu wambiri wa pansi pa nthaka. Akuti tinsomba tanga tija kwawo ndi ku mitsinje ya madzi ofewa, ndiye tinali kale tofooka, matenda anangomalizitsa. Ndiye kuti mlandu wina ndi wa mpope. Izi Tadala asazimve.

Lachitatu

Ndasuzumira m'ketulo. Mayo! Pansi ponse zoyera, zokhakhala ngati khoma lopaka laimu. Pagalasi la kubafa chimodzimodzi. Ndakumbuka mjigo wa ku sekondale, uja sopo ankakana kuchita thovu ife n'kumatukwana sopoyo.

Mafunso:
- nthawi yonseyi ndakhala ndikumwa miyala?
- nsomba imadziwa bwanji kuti madzi awa si akwawo?
- nanga chakudachi chikunenepa chifukwa chiyani?

Chikudya bwino, madontho atha, chikundiyang'ana ngati ndine wantchito wake.

Tadala ali pakhomo la khichini: "Asisi, kansomba kanga kadya?" Kanga! Ndayankha ndi chitseko cha filiji.

Lachinayi

Kusitolo kachiwiri. Bambo uja atamva kuti ndine wa ku Malawi, wangotsala pang'ono kuvula masiki kuti andipsompsone. Wandikokera ku thanki yaikulu: mbuna, zachikasu, zabuluu, zowala ngati zitenje za pa chinkhoswe. Akuti madzi olimba ndiye moyo wawo. Akundifunsa zimakonda miyala yanji kwathuko. Ine wa ku Mchinji! Nsomba ndimaidziwa itauma, ili pamulu kumsika.

Ndazifuna. Akuti thanki yanga yachepa, zikaphana. Kuchoka kutali konseko kudzamenyana ku Perth, ndi zakwathu ndithu.

Amayi pa foni: "Nsomba yakwathu yafika uko, ine akuti malire atseka? Ili ndi pasipoti yanji?" Kenako: "Nanga mukaweta, mudya liti?"

Lachisanu

Kusitolo kachitatu. Bambo uja akuti nsomba zokwana m'kathanki kanga, zokonda madzi a laimu, zosafa chisawawa: gapi, pulati, mole. Ndati andionetse moleyo. Wandilozera.

Chakuda. Cha chimimba. Mtundu wa m'ndowa uja!

Akuchiyamikira ngati mkamwini wolima. Ndati ayi zikomo, ndipatseni zofiirazo. Akuti chabwino, koma ndiyambe ndazisunga pazokha milungu ingapo, ndisazithire m'thanki lero. Ndili ndi pozisunga? Ndowa ndili nayo imodzi, ndipo muli wa lendi wosalipira. Ndabwerera chimanjamanja kuti mawa ndikagule ndowa ina.

Madzulo wailesi yalengeza m'bindikiro wina. Tonse m'nyumba. Ine, Tadala ndi chinsombacho.

Loweruka

M'mawa ndikutsuka mano, ndikuona timadontho m'ndowa. Matenda abweranso? Koma takuda. Ndagwada. Timadontho tili ndi maso! Tikusambira!

Chabereka. Osati mazira ayi, ana enieni, ngati mbuzi. Nsomba imabereka? Kusukulu sanatiuze. Chimimba chija ndimati ndi dyera.

Ndikuyang'anabe, mayi uja wameza kamwana kamodzi. Kwiti! Ndakuwa. Tadala watulukira ndi chitenje chokha, sefa wa tiyi m'manja. Tonse chogwada pa simenti yozizira, iye akutchinga mayiyo ndi chivindikiro cha poto, ine ndikuwola ana.

"Asisi, ako kali kuseri uko!"

Ndinanena kuti "gwira apa" ndi "usagwedeze". Kumeneko si kuyankhulana, ndi malangizo.

Lamlungu

Thanki ili ndi nsomba pofika Lamlungu, monga ndinalembera. Kungoti sindinasankhe ine. Tiana takuda tili balalabalala m'madzi a miyala amene anazunza tanga, ndipo tikusangalala ngati tili kwa agogo awo. Ndakhala pampando ndikutiyang'ana mpaka mapemphero a pa foni atha osamva ulaliki. Kena kali ndi kadontho koyera kumchira. Ndathamangira mankhwala, koma ndi mtundu wake chabe.

Tikakula tiberekanso. Nyumba ino idzadzaza mbumba ya mdani wanga, chakudya ndikugula ine.

Tadala: "Ndiye mwandikhululukira, asisi?"

Ndati ana alibe mlandu.

Mayi wawo akadali m'ndowa. Tadala ndamupangira tiyi. Shuga sindinaikemo.